Melanoma ku Queensland: Kumvetsa Ziwerengero Zooneka Ngati Zikutsutsana

Aliyense wotsatira nkhani za umoyo zochokera ku Australia akhoza kuzunguzika mutu ndi zimene zimalembedwa za melanoma, mtundu wa khansa ya pakhungu umene umapha anthu ambiri m'dzikolo kuposa mitundu ina yonse ya khansa ya pakhungu. Lero mumva kuti chigawo cha Queensland, chimene chili kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, chili m'gulu la madera amene nthendayi yafala kwambiri padziko lonse lapansi, ndipo odwala atsopano akuwonjezeka chaka ndi chaka. Mawa mumva kuti pakati pa achinyamata a chigawo chomwecho nthendayi ikuchepa. Wina alemba kuti anthu oposa 90 mwa 100 alionse opezeka ndi melanoma amakhala adakali moyo pakatha zaka 5, pomwe wina adandaula kuti anthu mazanamazana akuikidwabe m'manda chaka chilichonse chifukwa cha nthenda yomweyo. Palinso akatswiri amene akunena kuti zina mwa zimene zikutchedwa khansa masiku ano sizikanamuvulaza munthu ngakhale zikanasiyidwa.

Pa onsewa palibe amene akunama. Chimene chikuchitika n'chakuti aliyense wanyamula muyeso wake, ndipo miyesoyi ndi itatu: kuchuluka kwa anthu opezeka ndi nthendayi, kuchuluka kwa amene akukhalabe moyo atapezeka nayo, ndi kuchuluka kwa amene akumwalira. Muyeso uliwonse pawokha ukhoza kusocheretsa, ndipo umasocheretsa kwambiri ngati wowerenga sanafunse kuti anthu akuwerengedwawo anabadwa liti.

Melanoma ndi chiyani

Khungu la munthu lili ndi magawo. Pamwamba pali kagawo kopyapyala kopanda mitsempha ya magazi, ndipo pansi pake pali gawo lochindikala lokhala ndi mitsempha ya magazi komanso tinjira ta madzi a m'thupi topita ku anabere. M'malire a magawo awiriwa muli maselo amene amapanga melanin, utoto wachilengedwe umene umapatsa khungu mtundu wake ndi kuliteteza ku dzuwa. Munthu wakuda ndi munthu woyera ali ndi maselo amenewa ochuluka mofanana, koma amasiyana pa kuchuluka ndi mtundu wa utoto umene maselowo amatulutsa. Melanoma imayamba pamene limodzi mwa maselo opanga utotowa lawonongeka n'kuyamba kuchulukana mosalamulirika, ndipo kawirikawiri imaoneka ngati kadontho kakuda kapena kofiirira kamene kakusintha kukula, mtundu kapena maonekedwe a m'mphepete mwake.

Pali mitundu ina iwiri ya khansa ya pakhungu, yotchedwa basal cell ndi squamous cell, imene ndi yofala kuposa melanoma maulendo ambirimbiri, koma kawirikawiri imakhala pamalo amodzi ndipo imachotsedwa mosavuta ikapezeka msanga. Kuopsa kwa melanoma kuli pa kuyenda kwake, chifukwa ikafika pa mitsempha imatha kupita ku anabere, ku mapapo, ku chiwindi ndi ku ubongo, ngakhale kadontho koyambako kakuoneka kakang'ono.

Pachifukwa chimenechi madokotala amasiyanitsa melanoma imene idakali m'kagawo kapamwamba, imene amaitchula ndi mawu a Chilatini akuti in situ, kutanthauza kuti idakali pamalo pake, ndi melanoma yolowerera, imene yaboola malire n'kufika m'gawo la mitsempha. Yoyambayo ikachotsedwa yonse nkhani imathera pomwepo. Yachiwiriyo ndi imene imayezedwa kuzama. Mu 1970 katswiri woyeza minofu wa ku America, Alexander Breslow, anasonyeza kuti chimene chimalosera bwino tsogolo la wodwala si kutambalala kwa chotupa pamwamba pa khungu koma kuzama kwake. Mpaka lero, kadontho kakadulidwa pakhungu la munthu ku Brisbane kapena ku Townsville, mizinda ya ku Queensland, kamatumizidwa ku labotale, kumene amakacheka m'tizigawo topyapyala kwambiri, kukapaka utoto, n'kukayang'ana pa maikulosikopu, ndipo katswiri amayeza kuchokera pamwamba pa khungu kufika pa selo la khansa lakuya kuposa onse. Chotupa chosapitirira milimita imodzi, kamene ndi kampata kamodzi ka timizere ting'onoting'ono ta pa rula ya mwana wa sukulu, chimatchedwa chopyapyala. Chopitirira mamilimita 4 chimatchedwa chochindikala. Mamilimita ochepa amenewa ndi amene amasiyanitsa opaleshoni ya mphindi zochepa ndi matenda oika moyo pachiswe.

Chifukwa chiyani Queensland

Yankho lake ndi kukumana kwa khungu la dera lina ndi dzuwa la dera lina. Ambiri mwa anthu amene anasamukira ku Queensland kuyambira m'zaka za m'ma 1800 anachokera ku Britain ndi ku Ireland, mayiko a mitambo ndi dzuwa lofatsa, ndipo anabwera ndi khungu loyera limene limapsa msanga m'malo moda. Dziko limene anafikamo ndi la dzuwa loswa mtengo. Mzinda wa Cairns, kumpoto kwa chigawochi, uli kum'mwera kwa ikweta pa mtunda wofanana pafupifupi ndi umene Nsanje ili, choncho wowerenga amene analawapo dzuwa la ku Chigwa cha Shire akhoza kuganizira chimene limachita pa msana wa mwana wa tsitsi lofiira.

Chowononga m'dzuwa si kutentha kumene timakumva ayi, koma cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa ultraviolet, kapena UV mwachidule, chimene chimalowa m'maselo n'kuwononga DNA, malangizo amene selo limatsatira pokula ndi pogawikana. Mphamvu ya chezachi imayezedwa ndi manambala, ndipo akatswiri amalangiza kudziteteza nambala ikafika pa 3. Ku Queensland nambalayi imafika pa 3 kapena kupitirira pafupifupi tsiku lililonse la chaka, ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo m'nyengo yotentha imapitirira 11 kawirikawiri. Chinanso n'chakuti dziko lapansi limayandikira kwambiri dzuwa mu Januwale, pamene kum'mwera kuli kotentha, zimene zimawonjezera mphamvu ya dzuwa ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 poyerekeza ndi nyengo yotentha ya kumpoto. Anthu ambiri amaloza chala chiboo cha mpweya wa ozone, umene uli mumlengalenga ndipo umatchinga cheza cha UV, koma chiboocho chili pamwamba pa Antarctica, kutali ndi Queensland, ndipo vuto la melanoma kumeneko linalipo kale chiboocho chisanadziwike.

Kale mu 1956 katswiri wa ziwerengero wa ku Sydney, Henry Lancaster, anaona kuti pakati pa anthu a khungu loyera imfa za melanoma zinkachuluka pamene munthu akuyandikira ku ikweta. Mu 1963 dokotala wa opaleshoni Neville Davis anayambitsa ntchito yofufuza melanoma ku Brisbane, imene inathandiza kuphunzitsa madokotala ndi anthu wamba kuzindikira timadontho tokayikitsa. Koma m'zaka zomwezo khungu lopserera ndi dzuwa linkaonedwa ngati chizindikiro cha thanzi ndi kukongola. Ana ankaswera ku gombe osavala malaya, achinyamata ankadzola mafuta kuti ade msanga, ndipo amuna ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe, m'makola a ziweto ndi pa zomangamanga misana ili pamtunda. Zaka zimenezi ziyenera kukumbukiridwa, chifukwa ana a nthawi imeneyo ndi amene ali agogo lero.

Kaundula ndi kawerengedwe kake

Kuyambira mu 1982 lamulo limakakamiza zipatala ndi malabotale a ku Queensland kupereka lipoti la khansa iliyonse yoyenera kulembedwa ku kaundula wa khansa wa chigawochi, ndipo kaundulayu amalemba melanoma yolowerera komanso ya in situ, pamodzi ndi kuzama kwake ndi malo a pathupi pamene yapezeka. Zaka zoposa 40 za zolemba zotere ndi chuma chimene madera ochepa padziko ali nacho, ndipo n'chifukwa chake ofufuza a m'mayiko ena amayang'ana ku Queensland akafuna kudziwa kumene nthendayi ikulowera.

Masiku ano anthu pafupifupi 4,000 amapezeka ndi melanoma yolowerera m'chigawochi chaka chilichonse, ndipo nambalayi ndi yaikulu kwambiri kuposa ya m'zaka za m'ma 1980. Koma nambala yongowerenga mitu ya anthu sinena zambiri, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, anthu a ku Queensland anali pafupifupi 2.4 miliyoni mu 1982, pomwe lero apitirira 5.5 miliyoni, ndiye odwala akanachuluka ngakhale chiopsezo cha munthu aliyense chikanakhala chimodzimodzi. Chachiwiri, anthu akukhala ndi moyo wautali, ndipo melanoma imakonda kugwira achikulire. Taganizirani midzi iwiri ya anthu ofanana kuchuluka, wina wodzaza ndi mabanja achichepere ndi wina wa nkhalamba zambiri. Mudzi wachiwiriwo udzakhala ndi maliro ambiri, koma sizitanthauza kuti madzi ake kapena mpweya wake ndi woipa. Pofuna kupewa chinyengo chotere akatswiri amawerengera odwala pa anthu 100,000 alionse, kenako amasintha nambalayo ngati kuti zaka za anthu sizinasinthe kuyambira kale. Powerengera motero, cha m'ma 2010 mpaka 2014 Queensland inali ndi odwala atsopano a melanoma yolowerera pafupifupi 70 pa anthu 100,000 alionse pachaka, kuwirikiza kawiri kapena kupitirira poyerekeza ndi anthu a khungu loyera a ku United States.

Nthenda imene imayenda ndi mbadwo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ofufuza motsogozedwa ndi Joanne Aitken wa bungwe la Cancer Council Queensland anaunika zolemba za kaundula za kuyambira mu 1995 mpaka 2014, ndipo m'malo moyang'ana anthu onse pamodzi anawagawa potengera zaka zawo ndi chaka chimene anabadwa. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinasonyeza zithunzi zitatu zosiyana m'chigawo chimodzi. Kwa anthu osakwana zaka 40 melanoma yolowerera inali kuchepa, kuyambira pa obadwa cha pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo kutsika kwakukulu kunali kwa obadwa cha m'ma 1980 ndi pambuyo pake. Kwa a zaka 40 mpaka 59 inali itaima pamodzimodzi. Kwa a zaka 60 kupita m'tsogolo inali kukwerabe, makamaka pakati pa amuna. Imfa nazo zinatsata njira yofanana: zinaima kapena kutsika m'magulu onse kupatula amuna a zaka 60 kapena kuposerapo.

Chifukwa chake n'chakuti khansa imeneyi siphuka chaka chimene mbewu yake yagwera m'nthaka. Khungu limene linapsa mwana ali ndi zaka 8 likhoza kudzatulutsa chotupa munthuyo ali ndi zaka 68, monga mmene munthu amadyera mango a mtengo umene unabzalidwa iye asanakule. Kafukufuku wa anthu osamukira ku Australia anasonyeza kuti amene anafika ali ana aang'ono amakhala ndi chiopsezo choyandikira cha obadwira komweko, pomwe amene anafika atakula amakhala ndi chiopsezo chocheperapo, zimene zikusonyeza kuti dzuwa la paubwana ndi limene limasiya chipsera chachikulu. Ndiye ziwerengero za lero zikutiuza za dzuwa la zaka 30, 50 kapena 60 zapitazo, osati la chaka chatha.

Tikayang'ana zimene zinasintha pa moyo wa ana obadwa cha m'ma 1980, timapeza zambiri. Mu 1981 bungwe lolimbana ndi khansa la chigawo cha Victoria linatulutsa uthenga wa pa wailesi yakanema wa mawu atatu akuti Slip, Slop, Slap, olimbikitsa kuvala malaya, kudzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi kuvala chipewa, ndipo uthengawu unafalikira dziko lonse. Mu 2007 anawonjezerapo kufunafuna mthunzi ndi kuvala magalasi a dzuwa. Masukulu ambiri a pulaimale anakhazikitsa lamulo lakuti mwana wopanda chipewa asasewere panja, kotero kuti nthawi yopuma ikakwana mwana amene waiwala chipewa chake chotambalala amakhala pakhonde n'kumaonerera anzake akuthamanga pabwalo. Mabwalo a masewera a ana anafoleredwa ndi nsalu zotchinga dzuwa, ndipo ana anayamba kusambira atavala malaya a manja. Makina amalonda odetsera khungu ndi cheza cha UV, amene bungwe la World Health Organization lofufuza za khansa linawaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2009, analetsedwa ku Queensland kuyambira pa 1 Januwale 2015.

Umboni wooneka bwino wakuti mafuta oteteza khungu amathandiza unachokera ku Queensland komweko, m'tauni ya Nambour kumpoto kwa Brisbane. Kumeneko wofufuza Adele Green ndi anzake anagawa anthu akuluakulu 1,621 m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina linapemphedwa kudzola mafutawa tsiku lililonse kumutu, m'khosi ndi m'manja kuyambira mu 1992 mpaka 1996, pomwe lina linasiyidwa kuti lizichita monga mwa chizolowezi chake. Atawatsata kwa zaka zina 10, gulu lodzola tsiku lililonse linali ndi melanoma 11 ndipo linalo linali ndi 22. Pa melanoma yolowerera yokha, manambala anali 3 ndi 11. Manambala amenewa ndi ang'onoang'ono ndipo sayenera kusenzetsedwa katundu woposa mphamvu yake, komabe ndi ochokera ku kafukufuku wa maere, umene ndi mtundu wa umboni wodalirika kwambiri pa zachipatala.

Pali mtsutso umodzi umene uyenera kumveka. Ena anafunsa kuti mwina kutsika kwa achinyamataku si zipatso za zipewa ndi mafuta, koma n'chifukwa chakuti Australia yalandira anthu ambiri ochokera ku Asia, ku zilumba za Pacific, ku Middle East ndi ku Africa, amene khungu lawo siligwidwa kawirikawiri ndi melanoma. Anthu otere akachuluka, chiwerengero cha odwala pa anthu 100,000 chimatsika chokha ngakhale ana a azungu akudwala monga kale. Funsoli ndi lanzeru, ndipo ofufuza a ku bungwe lofufuza za matenda la QIMR Berghofer ku Brisbane, motsogozedwa ndi David Whiteman, analiyesa poyerekezera chiopsezo potengera makolo a anthu. Anapeza kuti kusintha kwa mitundu ya anthu kukufotokozadi gawo lina la kutsikaku, koma ngakhale pakati pa achinyamata a makolo a ku Ulaya okhaokha nthendayi ikuchepa. Enanso amakumbutsa kuti ana a masiku ano amakhala nthawi yaitali m'nyumba pa foni ndi pa kompyuta, zimene zimawachotsa padzuwa popanda uthenga uliwonse wa boma.

Ukonde wa maso ang'onoang'ono

Kafukufuku wa 2018 uja anapezanso chinthu china: melanoma ya in situ inali kukwera m'magulu onse, achinyamata ndi achikulire omwe, ndipo inkakwera mofulumira kuposa yolowerera. Ngati dzuwa likuwononga ana mocheperapo, n'chifukwa chiyani mtundu uwu ukuchuluka?

Kuyezetsa khungu kwakhala chizolowezi ku Queensland. Munthu amapita kwa dokotala wake wa masiku onse kapena ku chipatala choona za khungu zokha, amavula n'kutsala ndi kabudula wamkati, ndipo dokotala amayenda ndi kagalasi kokuza zinthu kokhala ndi nyali yake, kuyang'ana kadontho kalikonse kuyambira m'tsitsi, kuseri kwa makutu, kumsana mpaka pakati pa zala za kuphazi. Kokayikitsa kamadulidwa pomwepo atabaya jekeseni yochititsa dzanzi. Msodzi amene wasintha ukonde n'kutenga wa maso ang'onoang'ono amakwera kumtunda ndi nsomba zambiri, koma sizitanthauza kuti nsomba zachuluka m'nyanja, ndipo zambiri mwa zimene wagwira ndi zimene kale zinkapulumuka osaonedwa. Zina mwa izo zikanakula n'kukhala zazikulu, zina ayi.

Akatswiri amatcha vutoli kupeza matenda mopitirira muyeso, ndipo tanthauzo lake si lakuti dokotala walakwitsa. Pa maikulosikopu maselowo amaonekadi ngati a khansa, koma ena mwa iwo amakula pang'onopang'ono kwambiri kapena sakula n'komwe, moti munthuyo akanakalamba n'kumwalira ndi chifukwa china osadziwa kuti anali nawo. Mu 2020 Paul Glasziou wa ku Bond University, ku Gold Coast m'chigawo chomwechi, pamodzi ndi anzake anayerekezera kuti mwa melanoma zonse zopezeka ku Australia mu 2012, kuphatikizapo za in situ, zoposa theka zinali za mtundu wotere, ndipo mwa zolowerera zokha zinali pafupifupi 15 pa 100 mwa akazi ndi 22 pa 100 mwa amuna. Awa ndi manambala ochokera ku masamu oyerekezera, osati kuwerenga odwala mmodzimmodzi, ndipo akatswiri ena amati ndi okwera kwambiri.

Chovuta n'chakuti palibe njira yodziwira lero kadontho kamene kadzakhala chete ndi kamene kadzalowerera. Amene amadandaula ndi kuchuluka kwa maopaleshoni amatchula zipsera, mantha a moyo wonse, ndalama, ndi dzina lakuti wodwala khansa limene limam'tsata munthu mpaka ku kampani ya inshuwalansi. Amene amalimbikitsa kuyeza amayankha kuti chipsera chaching'ono sichingafanane ndi khansa yofika ku ubongo, ndipo dokotala amene waona kadontho kokayikitsa sangakasiye pongodalira mwayi. Mpaka pano Australia ilibe ndondomeko yoyeza khungu la munthu aliyense, ndipo Germany, imene inayamba kuyeza akuluakulu ake mu 2008, sinaone kutsika koonekeratu kwa imfa m'dziko lonse. Chimene ofufuza ambiri akuyesa tsopano ndi kupeza anthu amene ali pa chiopsezo chachikulu kuti kuyeza kulunjike kwa iwo. Kafukufuku wotchedwa QSkin, amene analemba anthu oposa 43,000 a ku Queensland a zaka 40 mpaka 69 cha m'ma 2011, wakhala akuthandiza kupanga njira zowerengera chiopsezo cha munthu potengera zaka zake, mtundu wa khungu, kuchuluka kwa timadontho ndi mbiri yake ya matenda a pakhungu.

Kupulumuka kumatanthauza chiyani

Chiwerengero chakuti oposa 90 mwa 100 amakhala moyo pakatha zaka 5 chimawerengedwa poyerekeza odwala ndi anthu a msinkhu wawo amene alibe nthendayi, kuti imfa za ngozi kapena za matenda a mtima zisalowemo. Ndi chiwerengero chabwino ndithu, ndipo chili m'gulu la zapamwamba padziko lonse. Kwa a chotupa chopyapyala nkhani ndi yabwino koposa. Adele Green ndi anzake anatsata anthu 26,736 a ku Queensland opezeka ndi melanoma yolowerera yosapitirira milimita imodzi pakati pa 1982 ndi 2006, ndipo anapeza kuti 96 mwa 100 alionse anali asanamwalire ndi nthendayi pakatha zaka 20.

Komabe chiwerengero cha opulumuka chili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi ukonde uja, chifukwa mukawonjezera m'gulu la odwala anthu ambiri amene zotupa zawo sizikanawapha, gawo la opulumuka limakwera lokha ngakhale palibe moyo umodzi umene wapulumutsidwa. Wachiwiri ndi nthawi yoyambira kuwerenga. Anthu awiri akhoza kukwera basi imodzi yochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, wina n'kuyamba kuwerenga maola pa Dedza, mnzake pa Zalewa. Woyambayo adzanena kuti ulendo wake unali wautali, koma onse atsika pa nthawi imodzi. Momwemonso, khansa ikapezeka zaka zitatu msanga koma tsiku la imfa osasintha, zolemba zidzaonetsa kuti wodwalayo anakhala zaka zitatu zowonjezera. N'chifukwa chake akatswiri amadalira kwambiri chiwerengero cha imfa pa anthu 100,000 alionse a m'chigawo chonse, chimene sichinyengeka ndi misampha imeneyi.

Palinso chinthu chodabwitsa chimene Whiteman ndi anzake anafalitsa mu 2015. Pa imfa za melanoma ku Queensland pakati pa 2005 ndi 2009, pafupifupi 23 mwa 100 zinachokera ku zotupa zopyapyala, pomwe pafupifupi 14 mwa 100 zinachokera ku zochindikala zopitirira mamilimita 4. Izi sizikutanthauza kuti chopyapyala ndi choopsa kuposa chochindikala. Zotupa zopyapyala ndi zochuluka kwambiri, moti kagawo kakang'ono ka gulu lalikulu kamaposa gawo lalikulu la kagulu kakang'ono. Koma zikusonyeza kuti m'gulu limene ena amati likudulidwa mopitirira muyeso mulinso zotupa zakupha, ndipo sayansi sinathe kuzisiyanitsa bwinobwino.

Mankhwala amene anasintha zinthu

Chaka cha 2011 chisanafike, munthu amene melanoma yafalikira m'ziwalo za mkati ankayembekezera kukhala ndi moyo miyezi 6 mpaka 9, ndipo osakwana mmodzi mwa 10 ankafika zaka 5. Mankhwala a khansa a nthawi imeneyo sankathandiza kwenikweni. Kusintha kunabwera m'njira ziwiri. Mu 2002 asayansi anapeza cholakwika chimene chili mu pafupifupi theka la melanoma za pakhungu, pa jini (kagawo ka DNA) yotchedwa BRAF, imene imakhala ngati batani lokanirira lolamula selo kuti lizingogawikana, ndipo mapiritsi otseka batani limeneli anavomerezedwa ku America mu 2011. Njira yachiwiri ndi mankhwala omasula chitetezo cha m'thupi. Asilikali a m'thupi ali ndi mabuleki owaletsa kuukira thupi lawo lomwe, ndipo khansa imaphunzira kuponda mabuleki amenewa kuti isagwidwe. Mankhwala a ipilimumab, ovomerezedwa mu 2011, ndi a pembrolizumab ndi nivolumab, ovomerezedwa mu 2014, amamasula mabulekiwo. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imene inatsegula njirayi.

Pa kafukufuku wamkulu wa odwala 945 a melanoma yofalikira, amene zotsatira zake za zaka 10 zinatuluka mu 2024, anthu 43 mwa 100 olandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab anali adakali moyo. Boma la Australia linayamba kulipirira mankhwala a mtundu umenewu kuyambira mu 2013, ndipo cha nthawi yomweyo imfa za melanoma m'dzikolo, zimene zinakwera kwa zaka makumi angapo, zinayamba kutsika. Kutsika kumeneku kuli pa muyeso wodalirika uja wa imfa, ndipo n'chifukwa chake kuli kofunika kuposa kukwera kulikonse kwa chiwerengero cha opulumuka. Ngakhale zili choncho, pafupifupi theka la odwala otere sathandizika mokwanira, ndipo chitetezo chomasulidwa chimatha kuukira matumbo, chiwindi, mapapo kapena chithokomiro, nthawi zina mosabwerera.

Phindu limeneli silinafike mofanana kwa onse. Amuna achikulire ndi amene akumwalira kwambiri, mwa zina chifukwa zotupa zawo zimakonda kumera kumsana, pamutu ndi m'khosi, malo amene munthu sadziona yekha, komanso amachedwa kupita kwa dokotala. Pali mtundu wina wa melanoma umene umatukuka ngati kachiphuphu kolimba, nthawi zina kofiira osati kakuda, n'kumalowerera pansi mkati mwa milungu kapena miyezi yochepa, moti umatha kumera ndi kuzama pakati pa kuyezetsa kwa chaka chino ndi kwa chaka chamawa. Mtunda nawo ndi nkhani, pakuti Queensland ndi yaikulu pafupifupi ka 15 poyerekeza ndi Malawi, ndipo kuchoka ku tauni ya Mount Isa kupita ku Brisbane ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,800 pamsewu. Zolemba za kaundula zasonyeza kuti odwala a kumidzi yakutali amamwalira ndi nthendayi kwambiri kuposa a m'mizinda.

Nanga khungu lakuda?

Eni nthaka a Australia, anthu a mtundu wa Aboriginal ndi a ku zilumba za Torres Strait, amapezeka ndi melanoma mochepa kwambiri poyerekeza ndi azungu amene akukhala nawo pansi pa dzuwa limodzi, ndipo ndi mmene zililinso kwa anthu akuda a mu Africa. Koma kuchepa si kusowa. Kwa munthu wakuda melanoma imakonda kumera pamene utoto ndi wochepa ndipo dzuwa silifika: pansi pa phazi, pa chidendene, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Mtundu umenewu suyamba chifukwa cha dzuwa, choncho chipewa ndi mafuta sizingauletse, ndipo ziwerengero zosangalatsa za ku Queensland sizinena za iwo. Kwa abale athu achialubino nkhani ndi ina, chifukwa kwa iwo dzuwa ndi mdani weniweni, ngakhale kuti khansa imene imawavutitsa kwambiri ndi ya squamous cell ndi basal cell osati melanoma, ndipo uphungu wa malaya a manja aatali, chipewa chotambalala, mthunzi ndi mafuta oteteza khungu umawakhudza mwachindunji.

Kafukufuku wa m'zipatala za kum'mwera kwa Sahara, kuphatikizapo za ku Malawi, wapeza kuti melanoma zambiri zimakhala za kuphazi ndipo zimafika ku labotale zitazama kale, kawirikawiri kupitirira mamilimita 4 aja. Banga lakuda la pansi pa phazi limayamba losapweteka, ndipo munthu amaliyesa chipsera cha munga kapena chilonda cha kumunda, n'kumalimanga ndi kansalu kwa miyezi mpaka litaphulika kapena mwanabere atatupa m'mphechepeche. Banga lotere likamakula, likamasintha mtundu, likamatuluka magazi kapena likakana kupola, komanso mzere wakuda wa pa chikhadabo ukamatambalala n'kufika pakhungu la m'mphepete mwake, ndi zimene dokotala ayenera kuziona ndi kudulako kachidutswa kokayeza, chifukwa rula ya Breslow imagwira ntchito pa phazi la mlimi wa ku Ntchisi monga mmene imagwirira pa msana wa mlimi wa nzimbe wa ku Queensland.